Mdani Akafa Osapepesa: Nkhani ya Filimu ya Ben-Hur

Mukafunsa munthu amene anaonerapo Ben-Hur, filimu ya kampani ya MGM imene inatuluka m'chaka cha 1959, kuti akukumbukapo chiyani, kawirikawiri amatchula mpikisano wa magaleta: akavalo anayi oyera, akavalo anayi akuda, fumbi, chikoti, ndi munthu wopondedwa pakati pa bwalo. Chigawo chimenechi chimangotenga mphindi pafupifupi 9 pa filimu ya mphindi 212, koma chinaphimba zonse, moti ambiri amakhulupirira kuti nkhani imathera pamenepo, Judah Ben-Hur atagonjetsa mdani wake Messala. Sichoncho ayi. Mpikisano ukatha pamatsala nthawi yoposa theka la ola, ndipo nthawi yotsalayo ndi imene yanyamula mfundo ya filimu yonse. Ine ndikuona kuti Ben-Hur imaposa mafilimu ena a m'Baibulo a nthawi yake chifukwa inalimba mtima kufunsa funso limene nkhani zambiri za kubwezera zimalithawa: munthu atani ndi chidani chake pamene womulakwira wafa, wafa osapepesa, ndipo zimene anawononga sizinakonzeke?

Nkhaniyi ikuchitikira ku Yudeya m'masiku a ulamuliro wa Aroma, kuyambira chaka cha 26. Judah, yemwe anaseweredwa ndi Charlton Heston, ndi kalonga wolemera wa Chiyuda wa ku Yerusalemu. Messala, yemwe anaseweredwa ndi Stephen Boyd, ndi Mroma amene anakulira naye limodzi, ndipo wabwerako ku Roma ali mkulu wa asilikali. Kukumana kwawo koyamba n'kwa chisangalalo chenicheni, akukumbatirana ndi kupikisana kuponya mikondo monga ankachitira ali anyamata. Koma Messala wabwera ndi pempho: akufuna Judah amuuze mayina a Ayuda amene akunyoza ulamuliro wa Roma. Judah akana. Patapita masiku ochepa, bwanamkubwa watsopano Valerius Gratus akulowa mumzinda, ndipo Tirzah, mlongo wake wa Judah, atatsamira padenga kuti aone bwino, phale likusomphoka n'kugwera mumsewu. Kavalo wa bwanamkubwa akudzidzimuka n'kumugwetsa. Messala akukwera yekha padenga paja, akuona kuti mapale ndi ogwedera ndithu, akudziwa kuti inali ngozi, komabe akutumiza Judah ku ukapolo wopalasa ngalawa za nkhondo, n'kutsekera mayi ake Miriam ndi Tirzah m'ndende. Cholinga chake n'chakuti anthu a mu Yerusalemu aone kuti munthu amene saleka ngakhale bwenzi lake la paubwana sangaleke wina aliyense.

Pempho la mayina lija silinali lachilendo kwa anthu a ku America amene ankaonera filimuyi mu 1959. Kuyambira mu 1947, komiti ya nyumba ya malamulo ya dzikolo inkaitana anthu a ku Hollywood n'kumawakakamiza kutchula anzawo amene ankawaganizira kuti ndi a chikomyunizimu, ndipo okana ankachotsedwa ntchito kwa zaka zambiri. William Wyler, amene anatsogolera kujambula Ben-Hur, anali m'gulu la anthu amene anatsutsa poyera kafukufuku ameneyu. Iye anali Myuda wobadwira ku Mulhouse, m'chigawo cha Alsace, mu 1902, ndipo sankadziwika ngati munthu wa mafilimu a chipwirikiti cha nkhondo. Ankadziwika ndi nkhani za m'banja ndi za mumtima, monga The Best Years of Our Lives ya mu 1946, yonena za asilikali atatu obwera ku nkhondo amene akupeza kuti kwawo sikulinso monga anakusiyira. Zimenezi zikuthandiza kumvetsa chifukwa chake Ben-Hur, ngakhale ili ndi anthu zikwizikwi m'bwalo, imakhala nthawi yaitali pa nkhope za anthu awiri kapena atatu m'chipinda. Judah nayenso ndi munthu wobwera ku nkhondo amene akupeza nyumba ya kwawo ili bwinja, masamba ouma ali mbwee pabwalo.

Filimuyi siichita manyazi kuvomereza kuti chidani chili ndi ntchito. Judah akukhala zaka zitatu pa nkhafi, pamalo pamene akapolo ambiri sakhalitsa, dzina lake litasanduka nambala 41. Mkulu wa ngalawa, Quintus Arrius, yemwe anaseweredwa ndi Jack Hawkins, akumukwapula dala kuti aone m'mene achitire, ndipo akuona m'maso mwake kuti mwadzaza chidani. Samudzudzula. Amamuuza kuti chidanicho n'chimene chamusunga wamoyo ndi kumupatsa mphamvu. Palibe paliponse pamene filimuyi imatsutsa mawu amenewa mwachindunji, chifukwa ndi oona. Munthu amene walandidwa zonse amafunika chinthu chomudzutsa m'mawa, ndipo kwa Judah chinthucho ndi nkhope ya Messala. Nkhondo ya panyanja ikuyamba, Arrius akulamula kuti nambala 41 asamangidwe unyolo monga anzake, ngalawa ikumira, Judah akupulumutsa Arrius, ndipo pamapeto pake Arrius akumutenga kukhala mwana wake ku Roma, komwe akutchuka poyendetsa magaleta. Munthu wina akanakhazikika pamenepo, poti chuma chabwerera ndipo dzina lakula. Judah akusiya zonsezo n'kubwerera ku Yudeya, mbali ina kukafuna mayi ake ndi mlongo wake, mbali ina kukafuna Messala, ndipo iye mwini sangathe kusiyanitsa ziwirizi.

Chimene chikumulowetsa mu mpikisano ndi bodza lochokera m'chikondi. Miriam ndi Tirzah apezeka m'ndende ali ndi khate, atulutsidwa, ndipo akukumana usiku ndi Esther, mkazi amene amakonda Judah. Akumulumbiritsa kuti asamuuze zoona, kuti aziwakumbukira monga analili kale. Esther, yemwe anaseweredwa ndi Haya Harareet wa ku Israel, akuuza Judah kuti anamwalira. Atamva zimenezi, Judah akupita kwa Sheik Ilderim, Mwarabu wokhala ndi akavalo anayi oyera otchedwa mayina a nyenyezi, Altair, Aldebaran, Antares ndi Rigel, n'kuvomera kuwayendetsa. M'bwalo la mpikisano mulibe lamulo loletsa kupha, ndipo onse akudziwa kuti n'chifukwa chake wavomera.

Mpikisanowo unajambulidwa ku Cinecittà, pafupi ndi mzinda wa Roma, m'bwalo lomangidwa dala la maekala pafupifupi 18, motsogozedwa ndi Andrew Marton ndi Yakima Canutt. Panalibe kompyuta yojambulira akavalo abodza. Heston ndi Boyd anaphunzira kuyendetsa magaleta iwo eni, ndipo malo oopsa kwambiri ankalowapo akatswiri owaimira. Joe Canutt, mwana wa Yakima, amene ankaimira Heston, anaponyedwa kutsogolo kwa galeta pamene linalumpha zidutswa za galeta lina, anagwirira, n'kungochekeka pachibwano, ndipo chithunzi chimenecho chinasiyidwa mufilimu. Mphekesera yakuti munthu wina anafera pomwepo pojambula mpikisano wa 1959 si yoona, ngakhale yakhala ikuyenda kwa zaka zambiri. Chochititsa chidwi china n'chakuti Miklós Rózsa, amene anapeka nyimbo zonse za mufilimuyi, sanaike nyimbo pa nthawi yothamangayo. Chimene mumamva ndi ziboda, mawilo ndi khamu. Messala wabwera ndi galeta lokhala ndi mipeni m'mawilo, akuwononga nalo magaleta a anzake, kenako akukwapula Judah ndi chikoti, mawilo akukolana, ndipo galeta lake lomwe ndi limene likusweka. Akukhwekhwerezeka pansi, akavalo a wina akumuponda. Choipa chitsata mwini, oonera amatero, ndipo mtima umakhala m'malo.

Wyler sakulola mtimawo kukhala m'malo nthawi yaitali. Pontiyo Pilato atamuveka Judah nkhata ya chipambano, kamera ikutitengera m'chipinda cha mdima pansi pa bwalo. Messala wagona pa thebulo, thupi lonse zilonda, asing'anga akufuna kumudula miyendo kuti apulumuke, koma iye akukana chifukwa safuna Judah amupeze ali theka la munthu. Judah akulowa, ndipo mkwiyo wake waphwa. Akunena kuti sakuonanso mdani pamenepo. M'nkhani yosavuta, apa ndi pamene wolakwa amalira n'kupempha chikhululukiro. Messala akugwiritsa ntchito mpweya wake womaliza kulasa komaliza: akumuuza kuti mayi ake ndi mlongo wake sanafe, akawafune ku chigwa cha akhate ngati angathe kuwazindikira, ndipo mpikisano sunathe. Akumwalira atagwira chovala cha Judah. Chithunzi chotsatira ndi cha Judah ataima yekha m'bwalo lija, mipando yonse ili yopanda anthu. Chimene anachisunga mumtima zaka zonse zija wachipeza, ndipo sichinachiritse ngakhale chala chimodzi cha mlongo wake.

Kuyambira pamenepa chidani chake chikukula m'malo mochepa, ndipo apa ndi pamene filimuyi ikuonetsa kuti ikumudziwa munthu. Messala kulibe, choncho chidani chikufuna mwini wina, ndipo chikupeza Roma yense. Pilato akumuitana n'kumuuza kuti wapatsidwa ufulu wokhala nzika ya Roma. Judah akuvula mphete imene Arrius anamupatsa n'kuibweza, akunena kuti Roma ndi amene anawononga Messala, mnyamata amene iye anamudziwa ali wabwino. Akuyamba kulankhula zosambitsa dziko ndi magazi. Khamu likusonkhana paphiri kukamva mphunzitsi wa ku Nazareti, Esther akukhala pansi kumvetsera, koma Judah akutembenuka n'kumapita, poti ali ndi mlandu ndi Roma. Ndipo Esther, amene sanamunyozepo, akumuuza mawu opweteka kuposa onse a mufilimuyi, akuti chidani chamusandutsa mwala ndipo iye tsopano wasanduka Messala. Zimenezi si mawu a mkwiyo chabe. Messala anapereka anthu osalakwa chifukwa cha mfundo yaikulu imene ankaikhulupirira, ndipo Judah tsopano wakonzeka kuchita chimodzimodzi chifukwa cha mfundo yake.

Pali otsutsa amene amati zonsezi n'chinyengo, ndipo ayenera kumvedwa. Iwo amati Hollywood inkagulitsa nkhanza yokutidwa ndi nsalu ya chipembedzo. MGM inali pa mavuto a zachuma, wailesi ya kanema inali italanda anthu ku nyumba zoonetsera mafilimu, ndipo kampaniyo inaika madola pafupifupi mamiliyoni 15 pa filimu imodzi, ndalama zimene zinali zisanawonongedwepo pa filimu ina iliyonse. Ndalama zotere sizibwezedwa ndi ulaliki. Zimabwezedwa ndi ngalawa zoyaka moto ndi anthu opondedwa ndi akavalo. Woonera amalandira kukoma konse kwa kubwezera, kenako n'kuuzidwa kuti kubwezera n'koipa, ndipo amatuluka atadya zonse ziwiri. Amawonjezeranso kuti filimu inasamba m'manja mwa Judah: m'buku la Lew Wallace limene filimuyi inachokera, Judah ndi amene amakola dala wilo la Messala, pamene mufilimu Messala amadziwononga yekha. Zambiri mwa izi ndi zoona, ndipo sindikuona chifukwa chozikanira. Koma filimu imene ikufuna kuonetsa kuti kubwezera sikukhutitsa iyenera kuyamba yamulawitsa woonera kukoma kwake, apo ayi ikungolalikira kwa anthu amene sanayesedwe. Mpikisano ukanakhala wozizira, chipinda cha mdima chija sichikanapweteka. Timapwetekedwa chifukwa mphindi zochepa zapitazo ifenso tinali kukuwa pamodzi ndi khamu. Ndipo ngakhale manja a Judah asambitsidwe, cholinga chake sichinabisidwe: asanalowe m'bwalo akupemphera kuti Mulungu amukhululukire pofuna kubwezera, n'kulowabe.

Chitsutso china n'cholemera kuposa ichi. Akuti chikhululukiro cha Judah n'chotchipa chifukwa chinagulidwa ndi chozizwitsa. Mayi ake ndi mlongo wake achira khate, nanga ndani sangakhululuke atabwezeredwa zake? Yankho lili m'ndondomeko ya zochitika, imene ambiri saiyang'anitsitsa. Judah akunyamula Tirzah, amene ali pafupi kufa, kupita naye kwa Yesu, koma akupeza kuti Yesuyo waweruzidwa kale ndipo wasenza mtanda. Akumuzindikira kuti ndi munthu uja anamupatsa madzi ku Nazareti zaka zapitazo, pamene asilikali analetsa aliyense kumumwetsa. Akuyesa kubweza madziwo, msilikali akukankha chikho. Akazi aja akubisala kuphanga pamodzi ndi Esther, mvula yamkuntho ikugwa, ndipo kumeneko n'kumene akuchira. Judah kulibe. Iye ali ku Gologota, ndipo akubwera kunyumba asakudziwa kanthu za kuchirako. Chimene akuuza Esther n'chakuti wamva munthu wopachikidwa akupempherera om'pachika, ndipo wamva ngati lupanga lachotsedwa m'dzanja lake. Atanena zimenezi m'pamene akuona mayi ake ndi mlongo wake ali bwino. Anasiya chidani akuganiza kuti iwo akadali akhate, Messala atafa osalapa, Aroma akulamulirabe. M'buku la Lew Wallace akaziwo amachira masiku angapo mtanda usanafike, pamene Yesu akulowa mu Yerusalemu. Olemba filimu anasuntha chozizwitsacho, ndipo kusunthako kunasintha tanthauzo. Munthu angathebe kunena kuti mathero okomawo ndi a Hollywood, ndipo ndikuvomereza kuti filimu ikanakhala yowawa ndi yoona kwambiri akaziwo akanakhala osachira. Koma kunena kuti Judah analipidwa kuti akhululuke n'kusaonera bwino.

Nkhope ya Yesu siioneka paliponse mufilimuyi, ndipo mawu ake samveka. Anaseweredwa ndi Claude Heater, woimba nyimbo za opera wa ku America, amene dzina lake silinalembedwe n'komwe pa mndandanda wa osewera. Timaona msana wake, manja ake, ndi nkhope za omuyang'ana, monga msilikali uja wa ku Nazareti amene akubwera ndi chikoti n'kubwerera m'mbuyo osadziwa chimene chamugwira. Mwambo umenewu unayamba kale: pamene nkhaniyi inasanduka sewero la pa siteji ku New York mu 1899, Wallace sanalole kuti munthu asewere Yesu, ndipo m'malo mwake ankawalitsa kuwala. Ena amati kumeneku kunali kuopa kukhumudwitsa mipingo, ndipo mwina kunalidi kotero. Koma zotsatira zake n'zakuti woonera sapatsidwa mpata woweruza ngati wosewerayo akufanana ndi Yesu wa m'maganizo mwake. Amangotsala ndi chimene chikuchitika mwa Judah, ndipo nkhani ndi ya Judah.

Wallace mwini wake ankadziwa kulemera kwa mlandu wosaweruzidwa. Anali kazembe wa asilikali a kumpoto pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, ndipo pa nkhondo ya ku Shiloh mu 1862 anamunena kuti anachedwa kufika ndi asilikali ake pa tsiku loyamba. Iye ankakhulupirira kuti anamunamizira, ndipo anatha zaka zambiri akuyesa kuyeretsa dzina lake. Buku la Ben-Hur analimaliza ali bwanamkubwa wa New Mexico, ndipo linasindikizidwa mu 1880, dziko likadali ndi mabala a nkhondo ya pachibale. Linagulidwa kwambiri kumpoto ndi kummwera komwe. Filimu yopanda mawu ya mu 1925, imene Ramon Novarro anasewera Judah, inalinso ya MGM, ndipo Wyler ali mnyamata anali m'gulu la othandizira kujambula mpikisano wake. Ya mu 1959 inapata mphotho za Oscar 11 pa 12 zimene inapikisanapo, chiwerengero chimene chinangofikidwa ndi Titanic ya mu 1997 ndi The Return of the King ya mu 2003. Imodzi imene inaphonya ndi ya olemba, pa nthawi imene panali mkangano wa amene analembadi mawu ake: dzina lolembedwa ndi la Karl Tunberg yekha, pamene Christopher Fry ndi Gore Vidal anagwiranso ntchito yaikulu. Sam Zimbalist, amene ankayang'anira ntchito yonse, anamwalira ndi matenda a mtima ku Roma mu 1958, kujambula kusanathe.

Sikuti zonse za mufilimuyi zakalamba bwino. Sheik Ilderim anaseweredwa ndi Hugh Griffith, mzungu wa ku Wales wopakidwa utoto kumaso, ndipo ngakhale anapata Oscar, masiku ano zimenezi zimachititsa manyazi. Zigawo zina za chikondi cha Judah ndi Esther n'zozizira, ndipo Heston nthawi zina amalankhula ngati ali pa guwa. Koma kuyerekeza ndi filimu yatsopano ya mu 2016, imene anatsogolera Timur Bekmambetov, kumaonetsa chimene yakale inachita bwino. M'yatsopanoyo Messala safa. Amapulumuka ataduka mwendo, awiriwo amalira, amakumbatirana, ndipo amachoka limodzi ngati banja. Zikuoneka ngati uthenga wa chikhululukiro wakula, koma kwenikweni wachepa, chifukwa nkhani yasanduka ya kuyanjana, ndipo kuyanjana kumafuna anthu awiri ofuna. Anthu ambiri amene alakwiridwa sapatsidwa mwayi umenewo. Wowalakwira anafa, kapena anasamuka, kapena ali pomwepo ndipo sakuona cholakwa chake. Filimu ya mu 1959 ikulankhula kwa anthu otere, ndipo ya mu 2016 ikuwapatsa mathero amene iwo sadzawaona.

Pali funso limodzi limene Wyler analisiya losayankhidwa, ndipo otsutsa akalitchula sindikhala ndi chowabwezera chokwanira. Judah wataya lupanga, koma asilikali a Roma akadali m'misewu ya Yerusalemu, ndende imene inadwalitsa mayi ake idakalipo, ndipo ngalawa zikupalasidwabe ndi akapolo amene sanapulumutse mkulu aliyense. Kodi munthu wosiya chidani amasiyanso kufuna chilungamo? Buku la Wallace linayesako kuyankha. M'menemo Judah amasonkhanitsa ndi kuphunzitsa magulu a asilikali a ku Galileya kuti amenyere nkhondo mfumu imene ikubwera, kenako amazindikira kuti ufumuwo si wa mtundu umenewo, ndipo patapita zaka, m'masiku a chizunzo cha Nero, amapereka chuma chake kuti Akhristu a ku Roma akhale ndi malo obisika a pansi pa nthaka opempherera ndi oikamo akufa awo. Filimu inachotsa asilikali a ku Galileya, inachotsanso za ku Roma, n'kuthera pakhomo pa nyumba ya Hur, banja litakumbatirana. Chimene Judah anachita ndi Roma tsiku lotsatira, MGM inaona kuti maola atatu ndi theka akwana.